Zimene Jailos Anafuna Kunena ku Arras

Mapasipoti anafika Lachitatu, m'maenvelopu awiri, Mabel ali ku shifiti. Atabwera madzulo anapeza mwamuna wake Jailos atakhala kukhitchini, atayala timabuku tiwirito patebulo, osatitsegula. Zinali zitatha zaka makumi awiri ndi ziwiri chichokereni ku Malawi. Zambiri mwa zakazo anazitha akudikira makalata, kukasaina kumaofesi ndi kugona m'nyumba zomwe sanasankhe okha. Tsopano anali ndi kanyumba ka khonsolo ku Beaumont Leys mumzinda wa Leicester, kumpoto kwa London, Mabel akusamalira okalamba ku keya homu ina ku Oadby, Jailos akuyendetsa fokolifiti, kagalimoto konyamulira katundu, m'weyahausi pafupi ndi msewu wa M1. Kwa nthawi yoyamba akanatha kutuluka m'dzikomo n'kubwereranso popanda wowafunsa.

Mwana wawo mmodzi yekhayo, Lorraine, wobadwira ku Leicester komweko, ankaphunzira za unamwino ku Nottingham. Atamva nkhaniyi anabwera Loweruka ndi laputopu yake. Chichewa amamva chonse koma amayankha m'Chingerezi, ndipo m'Chingerezi momwemo anauza makolo ake kuti asankhe kulikonse kumene akufuna, iye awabukira zonse. Mabel anati Paris mwanayo asanamalize n'komwe. Azimayi angapo a kutchalitchi kwawo ku Wigston anali atapitako kale, ndipo aliyense anali ndi chithunzi ataima patsogolo pa nsanja yachitsulo ija, dzanja lili m'chiuno.

Jailos anati iye akanakonda Arras.

Onse awiri anamuyang'ana. Dzinalo anali asanalimvepo. Iye anafotokoza, maso ali pakapu ya tiyi, kuti ndi kamzinda ka kumpoto kwa France, anakaona pa TV m'mwezi wa Novembala, nthawi imene azungu amavala timaluwa tofiira pachifuwa. Kuli makoma olembedwa mayina a asilikali, ndipo munthu ukhoza kuzungulira paliponse wapansi tsiku limodzi. Mabel anafunsa ngati anadikira zaka zonsezi kuti akaone manda. Jailos sanatsutse, anangoti basi, Paris yomweyo ili bwino. Koma Lorraine anali atayamba kale kufufuza. Ananena kuti chibadwireni sanamvepo adadi akupempha kanthu, ngakhale sokosi, choncho ulendo uno ndi wawo. Anagwirizana kuti akagona masiku awiri ku Arras, ndipo pobwerera akaima ku Lille, kumene kuli mashopu.

Zoti mwamuna wake anali msilikali Mabel ankadziwa. Anakumana ku Limbe mu 1995, Jailos atavula kale yunifomu, akuyendetsa lole ya kampani ina ya fodya. Ankadziwanso kuti asanakwanitse zaka makumi awiri ndi ziwiri anatumizidwa ku Mozambique kukalondera njanji ya ku Nacala, nkhondo ya kumeneko ili mkati. Atangokwatirana anamufunsapo kamodzi kuti kunali bwanji, iye n'kuyankha kuti inali ntchito basi. Mabel sanafunsenso. Amuna ambiri a msinkhu umenewo sakamba zakale, ndipo uyu anali munthu wabwino, wosamwa, wosakweza mawu. Chokhacho chimene chinkamuvuta chinali makombola. Nyengo ya Diwali, chikondwerero cha nyali cha amwenye, kumwamba kwa Leicester kukamaphulika mitundumitundu, Jailos ankatseka makatani n'kukweza wailesi. Mabel ankamuseka kuti wakalamba msanga.

Ananyamuka Lachisanu lina m'mwezi wa Sepitembala. Anakwera sitima kupita ku London, ina yodutsa pansi pa nyanja, kenako ina yaing'ono yoima paliponse. Mabel anali atagula nsapato zatsopano zofiirira zoti zigwirizane ndi jekete yake. Jailos anali ndi mapu amene Lorraine anamupulintira, atawapinda kanayi, ndipo malo onse amene ankafuna kukafika anali atawazunguliza ndi cholembera.

Kamzindako kanali kokongola, ndipo zimenezo Mabel anavomereza. Hotelo yawo inali pafupi ndi bwalo lalikulu loyalidwa miyala, lozunguliridwa ndi nyumba zazitali zopyapyala, zopanikizana ngati mabuku pashelefu. Loweruka m'mawa anadzuka n'kupeza mabwalo adzaza msika: tchizi, maluwa, nkhuku zootcha zikuzungulira pamoto, madiresi akuuluka pamahang'ala. Mabel akanatha tsiku lonse pamenepo. Anagula kampango kapakhosi kwa mayi wina amene sanamvane naye liwu ngakhale limodzi, koma anaseka onse ngati achinansi. Jailos anadikira pambali, akuyang'ana wotchi mobisa.

Anayamba ndi nsanja ya belu, yomwe ili ndi mkango wagolide pamwamba pake. Chikepe chinawakweza gawo lalikulu, kotsalako anakwera masitepe opapatiza. Pamwambapo mphepo inali yamphamvu. Madenga ofiira anaonekera onse, ndipo kuseri kwake minda yathyathyathya mpaka kumene maso amalekera. Jailos anawerenga chikwangwani n'kumuuza kuti nsanjayi inagwetsedwa yonse pa nkhondo yoyamba, anthu n'kuimanganso mmene inalili. Mabel anati ndiye kuti si yakale n'komwe, n'kumupatsa foni kuti amujambule. Zithunzi zinatuluka chala cha Jailos chitatchinga pakona, ndipo anabwereza kanayi.

Atatsika anadutsa siteshoni ya sitima kulowera kumwera, kumene kuli phanga lakale lokumba miyala. Pakhomo anawapatsa zipewa zachitsulo zonga za asilikali akale. Mabel anadandaula kuti chimuonongera wigi, koma anavala. Chikepe chinawatsitsira pansi kozizira, konunkha chinyontho. Mtsikana wowatsogolera anafotokoza m'Chingerezi kuti mu 1917 asilikali zikwi makumi awiri ndi zinayi anabisala m'menemo masiku angapo, akudikira m'mawa woti atuluke kukamenyana. Anawaonetsa zitini zadzimbiri, manambala apakhoma, ndi nkhope ya mkazi yomwe msilikali wina anajambula pamwala. Kumapeto kunali masitepe osemedwa m'thanthwe, okwera kupita kunja. Gulu linapitirira, koma Jailos anatsalira pamasitepewo, mpaka mtsikanayo anachita kubwerera kudzamuitana.

Atatuluka panja pa dzuwa, Jailos ananena motsitsa mawu kuti chimene chimapweteka kwambiri ndi kudikirako.

"Mukuuza ine?" anatero Mabel, akukonza wigi pagalasi la galimoto ina yoimikidwa pamenepo. "Mapepala tadikira zaka zingati ife?"

Jailos anamwetulira, n'kutulutsa mapu.

Anadya buledi wautali wa nyama ndi tchizi atakhala pabenchi, kenako anayamba ulendo wopita kumanda a asilikali, mbali ina ya mzinda. Pamapu panaoneka pafupi. Msewu unali waukulu, wa mitengo mbali zonse, ndipo sunkatha. Apa n'kuti nsapato zija zitayamba ntchito yake. Chidendene chakumanja chinali chikuyaka, ndipo Mabel ankamva kuti thuza laphulika kale. Anati akwere basi. Jailos anayang'ana chikwangwani cha pamalo okwerera, osamvapo kanthu, n'kunena kuti kwatsala pang'ono. Anamupatsa mkono kuti atsamire. Mabel anaukana.

Mandawo anali m'mbali mwa msewu womwewo, kuseri kwa khoma lalitali la njerwa ndi miyala. Atalowa, phokoso la magalimoto linachepa. Miyala yoyera inali itandandalika mizeremizere pa udzu wometedwa bwino, maluwa ali m'tsinde mwake. Chakuno kunali khonde lalitali la zipilala, ndipo makoma ake anali olembedwa mayina kuyambira m'munsi mpaka pamwamba pomwe munthu sangafikire ngakhale atanyanyamphira. Munalibe anthu ambiri, azungu awiri okalamba okha ndi bambo wina wothirira maluwa.

Mabel anapeza pokhala n'kuvula nsapato. Sokosi inali itamatirira pachilonda. Jailos anavula kapusi n'kuyamba kuyenda m'mbali mwa khoma, manja ali kumbuyo, milomo ikugwedera. Ankawerenga. Ankaima, n'kusuntha pang'ono, n'kuimanso. Mabel anaganiza kuti munthuyu akafuna kuwerenga onsewo ndiye agona pompano.

Patapita nthawi anabwera n'kukhala pambali pake. Anapotokola kapusi m'manja.

"Amake Lorraine," anatero, "apakhomawa sanawapeze. Pafupifupi zikwi makumi atatu ndi zisanu. Palibe amene akudziwa pomwe agona. Koma taonani, dzina lililonse lilipo."

Mabel anavomera ndi kukhosi, akuuzira chidendene.

"Ine ndinali ndi mnzanga ku Mozambique. Dzina lake Sufyan, wa ku Ntaja. Usilikali tinalowa tsiku limodzi, bulangete timafunda limodzi. Tsiku lina m'mawa tili pafupi ndi mlatho wina, bwana anandiuza ine kuti nditsogole, ndiyende kutsogolo kwa sitima. Ndiye ineyo ndinati..."

Foni inalira m'chikwama. Mabel anaitulutsa mwachizolowezi, n'kuona kuti ndi Angeline, mnzake wa kukwaya, mayi wa ku Chipata wokonda kuseka, akuimba pa vidiyo. Anakweza dzanja kuti mwamuna wake adikire pang'ono, n'kuyankha.

Angeline anali kukhitchini kwake ku Wigston ndi azimayi ena awiri, akukazinga mandasi a mawa kutchalitchi. Onse anadzazana pafoni, akufuna kuona France. Mabel anatembenuza foni n'kuwaonetsa mizere ya miyala ija.

"Ndi imeneyi France yanga," anatero. "Anzanga amapita ku Paris, ine andibweretsa kumaliro. Chiyambire m'mawa, mapanga ndi manda. Taonani phazi."

Azimayi aja anafa nazo. Angeline anaitana ba Jailos kuti aonekere, n'kuwauza kuti mkazi sapita naye kumasiye pa holide, amutengere ku mashopu asanathawe ndi Mfalansa. Jailos anaweramira pafoni, n'kubaibitsa, akumwetulira. Kenako nkhani inalowera ku yunifomu za kwaya, ndi za mwana wa uje amene wasiya sukulu. Pamene Mabel ankadula foni n'kuti patatha mphindi khumi kapena kuposa.

Akuvala nsapato anafunsa kuti paja amati chiyani.

"Ayi, palibe," anatero Jailos. "Zakale."

Anavala kapusi n'kuimirira. Mabel sanakakamize. Kunena zoona, mumtima anamva kupepukidwa, chifukwa ankafuna achoke pamalopo.

Pamapu panatsala malo amodzi, linga lakale la asilikali lomwe lili chapafupi ndi mandawo. Jailos anati kuseri kwake kuli khoma lina, pomwe Majeremani ankawomberera anthu a m'deralo pa nkhondo yachiwiri. Mabel anati iye wakwana. Anakhala pabenchi pafupi ndi chipata n'kumuuza kuti apite yekha, amupeza pomwepo. Jailos anati satenga mphindi makumi awiri.

Linatha ola. Dzuwa linabisala, mphepo n'kuyamba kuzizira. Foni inatsala pang'ono kuzima. Mabel anayamba ndi mantha, poganiza kuti munthu wasochera m'dziko la eni lomwe sadziwa chilankhulo chake, kenako manthawo anasanduka mkwiyo. Atamuona akutulukira pakona, akuyenda pang'onopang'ono, mawondo a thalauza atada ndi dothi, sanafunse chimene chachitika. Anamukalipira njira yonse yobwerera. Anamukumbutsa kuti iye amaima maola khumi ndi awiri pa shifiti akunyamula okalamba, kuti holide yake yoyamba m'zaka zonsezi yathera pa akufa a eni, kuti azungu amenewa ali ndi abale awo owalira. Jailos anangoti pepani. Atafika pa famase ina ya mtanda wobiriwira analowa, n'kulozera ndi manja mpaka anamugulitsa mapulasitala. Anagwada m'mbali mwa msewu, anthu akudutsa, n'kumata chidendene cha mkazi wake mosamala. Mabel anamusiya achite, koma sanathokoze.

M'mawa mwake ku Lille Jailos anali munthu wina. Anaika mapu m'thumba ndipo sanawatulutsenso. Analowa naye shopu iliyonse, kunyamula majumbo, kudikira panja pa kachipinda koyesera zovala, kunena kuti diresi yobiriwirayo ndiyo ikukhala. Anamujambula pa kasupe, pa masitepe a nyumba ya zisudzo, ndi pa tebulo atagwira kapu ya khofi, ndipo ulendo uno chala sichinatchinge. Mabel anasangalala. M'sitima yobwerera, mwamuna wake atagona mutu uli pawindo, anamuyang'ana n'kukumbukira kuti nkhani ija inathera panjira. Anadziuza kuti adzafunsa kunyumba, tsiku lina akadzakhala phee.

Kunyumba kunali mashifiti. Jailos ankanyamuka kusanache, Mabel ankakwera mabasi awiri kupita ku Oadby n'kubwera atatopa moti nthawi zina ankagona asanavule yunifomu. Lamlungu kunali tchalitchi, kuchapa, ndi mafoni a kumudzi. Kawiri konse nkhaniyo inamufika pakamwa. Ulendo woyamba Jailos anali akuonera mpira, akusangalala, ndipo Mabel sanafune kumusokoneza. Ulendo wachiwiri unali wa Diwali. Makombola atayamba chakumadzulo, Jailos anatseka makatani n'kukweza wailesi monga mwa chaka chilichonse. Mabel anaima pakhomo la pabalaza, ndipo ulendo uno sanaseke. Anaona mmene manja a mwamuna wake anagwirira mpando. Anatsegula pakamwa, koma anachita mantha ndi chimene angamve, n'kupita kukateleka madzi a tiyi.

Patatha masabata atatu, Lachiwiri cha m'ma teni koloko m'mawa, Mabel akudyetsa gogo wina phala, manijala anamuitanira ku ofesi. Pafoni panali Junaid, amene ankayang'anira shifiti ya Jailos. Ananena kuti mwamuna wake watsika pa fokolifiti n'kukhala pansi, pakamwa patapotoka, ndipo ambulansi yamutenga kale.

Inali sitiroko. Jailos anapulumuka, ndipo madokotala anati anzake anachita bwino kuimba msanga. Mwendo wakumanja unayamba kubwerera pang'onopang'ono, mkono unakana. Koma chimene chinapita kwambiri ndi mawu. Ankamva zonse, maso ake ankatsatira aliyense wolankhula, ankaseka pamene pali poseketsa. Koma akafuna kunena kanthu, pakamwa pankatuluka mawu atatu okha: eya, ayi, ndi chabwino. Ngakhale atatuwo sankabwera mwadongosolo. Nthawi zina ankati ayi akugwedeza mutu movomera, n'kukwiya yekha.

Anatuluka m'chipatala Khirisimasi itadutsa. Mabel anachepetsa mashifiti. Kawiri pa sabata kunkabwera Farzana, mayi wophunzitsa odwala otere kulankhula, wofatsa, wa chikwama chodzaza makadi a zithunzi. Iye anauza Mabel kuti mawu ena akhoza kubwerera, ena ayi, ndipo palibe angalonjeze. Anamupempha chinthu chimodzi: Jailos akayamba kulankhula, asamamumalizire, azingodikira. Anatinso zingathandize kupanga kabuku ka zithunzi za anthu ndi malo amene Jailos amawadziwa.

Ntchito imeneyo anaitenga Lorraine. Loweruka lina masana, adadi ake akugona, anakhala ndi amayi ake kukhitchini n'kutsegula foni ya Jailos pa laputopu. Zithunzi zinali zochepa: Lorraine ali wamng'ono, galimoto yomwe anagulitsa kalekale, mapepala a kuntchito. Kenako zinayamba za ku Arras, ndipo zinali zoposa zana. Makoma okhaokha. Mayina a pamanda paja, chigawo ndi chigawo, ena osaoneka bwino. Kenako malo amene Mabel sanafikeko: kanjira kotsikira m'chigwembe pakati pa makoma a njerwa, timiyala tambirimbiri tomatidwa pakhomapo, kalikonse ndi dzina lake, ndi mtengo umodzi wozikidwa pansi, wotalika ngati munthu. Mtengowo anaujambula kasanu ndi kawiri.

Chomaliza chinali chojambulidwa patali. Panali chipata cha linga, benchi, ndi mayi atakhala yekha atapinda manja, nsapato imodzi ili pambali, nkhope atayang'ana kwina. Mabel anachita kuyang'anitsitsa kuti adzizindikire.

Lorraine anafunsa ngati adadi ananenapo chilichonse kumeneko, chifukwa chimene anafunira malo amenewo. Mabel akanatha kunena kuti ayi. Koma anafotokoza zonse, za Sufyan, za mlatho, za sitima, mpaka pamene foni inalira. Lorraine analankhula m'Chichewa, chimene sankachita kawirikawiri, mawu akutuluka mokhota ngati a mwana.

"Ndiye munayankha foni?"

Mabel anati eya. Lorraine anatseka laputopu n'kupita kukaona ngati adadi adzuka, ndipo madzulo pobwerera ku Nottingham anawakumbatira amayi ake monga mwa nthawi zonse. Mabel akanakonda mwanayo akanamukalipira.

Sabata yotsatira anaimbira mlamu wake, mchemwali wamkulu wa Jailos, amene amakhala ku Liwonde. Atatha kufotokoza za odwala, anafunsa ngati dzina loti Sufyan analimvapo. Mlamuyo anaganiza kaye. Anati dzinalo sakulikumbuka, koma akukumbuka kuti achimwene atabwera kuchokera ku Mozambique anali owonda ngati adwala chaka, ndipo sankagona m'nyumba, ankakhala pakhonde. Tsiku lina anavala bwino, n'kunyamula kachikwama kobiriwira komwe sikanali kawo, n'kunena kuti akupita ku Ntaja. Anabwera tsiku lomwelo dzuwa likulowa, kachikwama kali m'manja, osatsegula. Mayi awo atafunsa, anati anafika pamudzipo koma analephera kulowa. Kumene kachikwamako kanathera mlamuyo sankadziwa. Anatchula amuna awiri amene anali nawo limodzi ku usilikali. Mmodzi anamwalira nthawi ya kolona. Mlamuyo anapereka nambala ya winayo, koma Mabel ataimba kangapo inkangoti sikupezeka.

Anadikira mpaka mwezi wa Malichi, Jailos atayamba kuyenda ndi ndodo kuchoka pabalaza kufika kukhitchini. Mawu anali atawonjezekera pang'ono. Ankatha kunena madzi, ndiponso Lolo, kutanthauza Lorraine. Lamlungu lina Mabel sanapite kutchalitchi. Atatha kudya chamasana anapukuta patebulo n'kukhala moyang'anizana naye.

"Bambo a Lorraine, ku Arras kuja ndinalakwa," anatero. "Munayamba kundiuza za Sufyan ine n'kukudulani. Ndikufuna ndimve. Ngakhale zitenge tsiku lonse."

Jailos anamuyang'ana. Maso anadzaza misozi, koma sanayang'ane kumbali. Milomo inayamba kulimbana. Inatuluka mphepo yokha, kenako kamawu konga su, kenako chete. Anayesanso, mitsempha ya pakhosi itatupa. Mabel anagwira m'mphepete mwa tebulo kuti asamuthandize. Pomaliza chinatuluka ndi chabwino, ndipo Jailos anamenya patebulo ndi dzanja lamanzere.

Kenako analoza kabati. Mabel anatulutsa pepala ndi pensulo zimene Farzana anasiya. Ndi dzanja lamanzere, lomwe linali lisanazolowere, Jailos anajambula mizere iwiri yaitali yokhotakhota, n'kuidula ndi timizere tating'ono. Njanji. Anajambula bokosi loimira sitima pamwamba pake, ndipo patsogolo pa bokosilo kamunthu ka mutu wozungulira. Kumbuyo, patali, kamunthu kena. Analoza kakumbuyoko, n'kudziloza pachifuwa. Analoza kakutsogolo, n'kuyang'ana mkazi wake.

Mabel anati ameneyo ndi Sufyan. Jailos anagwedeza mutu kuvomera. Anaika pensulo pakati pa tianthu tiwirito n'kuyamba mzere wina, koma dzanja linaterereka, mzere n'kupita kumbali. Anafufuta ndi chala, n'kuyambanso, n'kuterereka kachiwiri. Mabel anadikira mpaka analephera kupirira.

"Anapita m'malo mwanu? Munamupempha ndinu?"

"Ayi," anatero Jailos. Kenako, mofulumira, "Eya." Anatseka maso n'kupukusa mutu, ndipo sizinadziwike ngati akukana funsolo kapena akukana mawu amene atuluka. "Ayi. Eya. Chabwino."

Pensulo inagubuduka n'kugwa pansi. Thukuta linali litatsika m'masaya mwake ngati walima. Mabel sanafunsenso. Anatola pensulo, n'kusuntha mpando wake kudzakhala mbali yomwe kuli dzanja lamoyo, n'kuligwira. Anakhala choncho mpaka ana a nyumba yoyandikana atabwera kuchokera kumpira, akumenyetsa chitseko.

Farzana ataona pepalalo Lachinayi anati ndi chiyambi chabwino, azipitiriza, koma asamamutopetse. Choncho Lamlungu lina ndi lina, Jailos akakhala ndi mphamvu, amalitulutsa. Pano pawonjezekera mlatho, mitengo itatu, ndi kanthu kena kozungulira m'mbali mwa njanji komwe Mabel sakudziwa ngati ndi mwala, chitsime kapena dzenje. Masiku ena Jailos amangoliyang'ana n'kulikankhira kumbali, ndipo Mabel amalibwezera m'kabati n'kumuthandiza kuvala jekete, chifukwa adokotala anati aziyenda tsiku lililonse, ngakhale kungofika pamalo okwerera basi n'kubwerera.